Maiwe a m'chigwa cha mtsinje wa Fish

Chaka chilichonse, kuyambira pa 1 Meyi mpaka pa 15 Seputembala, boma la Namibia limalola anthu kutsikira m'chigwa chakuya cha mtsinje wa Fish, kummwera kwa dzikolo, ndi kuyenda wapansi mtunda wa makilomita pafupifupi 85, kuchokera kufupi ndi msasa wa Hobas mpaka ku akasupe a madzi otentha a ku Ai-Ais. Ulendowu umatha masiku anayi kapena asanu. Miyezi ina yonse njirayi imakhala yotseka, chifukwa m'nyengo yotentha kutentha kwa pansi pa chigwacho kumapitirira madigiri 45, komanso mvula ikagwa kutali kumpoto, madzi osefukira amatulukira mwadzidzidzi kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

Malamulo ake ndi okhwima. Munthu saloledwa kulowa yekha kapena ndi mnzake mmodzi. Gulu liyenera kukhala la anthu atatu kapena kuposerapo, ndipo nzeru yake njosavuta kuimva: wina akathyoka mwendo, wachiwiri amatsala naye, wachitatu n'kupita kukafuna thandizo. Mwana wosakwana zaka 12 salowa. Aliyense amaonetsa kalata ya dokotala yotsimikiza kuti thupi lake lili bwino, yolembedwa masiku osapitirira 40 ulendo usanayambe. Ngakhale kungotsika pang'ono n'kubwerera tsiku lomwelo n'koletsedwa. Ndipo popeza chiwerengero cha olowa pa tsiku chili ndi malire, ofuna malo amalembetsa kudakali miyezi yambiri ku kampani ya boma ya Namibia Wildlife Resorts, imene imayang'anira misasa ya Hobas ndi Ai-Ais.

Mayi amene amayenda makilomita 10 kupita kuchigayo, thumba la chimanga lili pamutu, angathe kuseka atamva kuti kuli anthu ochokera ku Johannesburg, ku Cape Town ngakhalenso ku Ulaya amene amalipira ndalama kuti akasenze katundu ndi kugona pamchenga. Kusekako kuli m'malo. Komabe ulendowu ngwoyenera kuulingalira, chifukwa m'masiku asanu okha umaonetsa poyera chinthu chimene aliyense wokhala kumalo ouma amachidziwa ndi mmero wake: moyo wa munthu umapachikika pa dziwe lotsatira. Ndipo dziwe lililonse lili ndi amene adalidziwa poyamba, amene amalitcha lake lero, ndi amene ali ndi mphamvu yolidzaza kapena kuliumitsa. Kawirikawiri amenewa sakhala munthu mmodzi.

Kutsika

Wofika kuchokera ku Keetmanshoop kapena ku Grünau saona chizindikiro chilichonse chakuti kutsogolo kuli phompho. Dziko lake ndi lokwera koma lathyathyathya, la miyala yoyoyoka ndi tizitsamba totuwa, ndipo apa ndi apo pamaima mtengo wa m'gulu la alovera umene anthu a mtundu wa San ankakumba m'kati mwa nthambi zake n'kupanga maphodo a mivi. Mvula ya chaka chonse kawirikawiri siposa mamilimita 100, pamene chimanga chimafuna 500 kapena kuposerapo. Kenaka nthaka imangothera pomwepo. Pamalo oonerera a Hell's Bend munthu amaima m'mphepete n'kuona mtsinje uli pansi penipeni, utazinga phiri ngati mkanda m'khosi. Chigwachi n'chotalika makilomita pafupifupi 160, m'malo ena n'chotambalala mpaka makilomita 27, ndipo kuya kwake kumafika mamita 550.

Anthu a mtundu wa Nama, omwe ndi eni dera kuyambira kale, ali ndi nthano yakuti chigwachi chidakumbidwa ndi chinjoka chotchedwa Koutein Kooru, chimene chinkaphiriphitha pothawa alenje. Akatswiri a miyala amati ntchitoyo idachitika pawiri. Poyamba nthaka idang'ambika ndipo chigawo chachikulu chidatitimira, n'kupanga chigwa chapamwamba chotambalala. Pambuyo pake mtsinje udapala pang'onopang'ono chigwa chachiwiri, chopapatiza ndi chokhotakhota, m'kati mwa choyambacho. Miyala ya pansi penipeni ili ndi zaka zoposa 1 biliyoni. Amene waona mmene mtsinjewo umakhotera sangadzudzule makolo a Chinama posankha njoka.

Potsikira pali makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku Hobas. Chigawo choyamba n'chotsetsereka kwambiri, moti adakhomera maunyolo m'thanthwe oti munthu azigwira, ndipo kumunsi kwake kuli miyala yogubuduka imene imathawa phazi. Wamphamvu amafika pansi patatha ola limodzi ndi theka, wina maola awiri kapena atatu, mawondo akunjenjemera. Ambiri amatsika masana n'kugona pamchenga woyamba umene aupeza m'mbali mwa dziwe. Kuchokera pamenepo kulibe nyumba, chimbudzi kapena mpopi, ndipo foni ya m'manja sigwira. Njira zotulukira pangozi zilipo ziwiri zokha, ndipo yoyambayo ndi chikweza chosasiyana ndi chimene munthu wangotsika.

Lita imodzi, kilogalamu imodzi

Zonse zimene woyenda adzadye, adzafunde ndi kuphikira zimakhala m'chikwama cha kumsana, ndipo odziwa amalangiza kuti chisalemere kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi la mwini wake. Ndiye kuti munthu wa makilogalamu 60 asenze 15. M'makilogalamu amenewo muyenera kulowa chofunda, kachitofu ka gasi, kapoto, mankhwala ndi chakudya cha masiku asanu: mpunga, ufa wa phala, nyama youmitsa, mtedza, zipatso zouma, tiyi ndi shuga. Zam'zitini amazipewa, pakuti chitini n'cholemera chikakhala chodzaza, ndipo chikatha sichitayidwa m'chigwa. Chimasenzedwa mpaka ku Ai-Ais.

Tsono madzi. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo munthu woyenda tsiku lonse padzuwa, katundu ali kumsana, amafuna malita 4 kapena kuposerapo, osawerengera ophikira. Madzi okha a masiku asanu angalemere makilogalamu 20, kuposa katundu yense amene msana ungalole. Palibe amene angasenze madzi a ulendo wonse. Woyenda amanyamula malita 2 kapena 3 basi, n'kukhulupirira kuti kutsogolo kuli dziwe.

Mtsinje wa Fish, umene umayambira chakumapiri a Naukluft n'kuyenda makilomita pafupifupi 650 kukathira mu Orange, ndi wautali kuposa mitsinje yonse ya m'kati mwa Namibia, koma suyenda chaka chonse. Umasefukira chakumapeto kwa nyengo ya mvula, pakati pa Januwale ndi Epulo, kenaka umaduka n'kusanduka mndandanda wa maiwe. Mu Meyi, chaka chikakhala chabwino, maiwewo amakhala aakulu, ozizira, a milamba ndi nsomba zina, nkhwazi ikulira pamwamba, ndipo woyenda amawoloka mtsinje kambirimbiri, nthawi zina madzi ali m'chiuno. Pofika Ogasiti ambiri amakhala ataphwa, otsalawo atachita ndere, ndipo kumunsi kwa chigwa mtunda wa pakati pa dziwe ndi linzake umatalika. Madzi otere samwedwa osawiritsa kapena osathiramo mapiritsi a klorini, chifukwa anyani ndi mbidzi zimamwa pomwepo, ndipo kutsekula m'mimba kumalo kopanda msewu si matenda aang'ono. Wanzeru amatenganso mapaketi a mchere ndi shuga, omwe aja alangizi a zaumoyo amagawa m'midzi.

Ludzu la m'chipululu lili ndi chinyengo chake. Mpweya ndi wouma kwambiri moti thukuta limauma lisanaoneke, munthu n'kumaganiza kuti sakutaya madzi. Mboni yodalirika ndi mkodzo: ukachepa n'kuderako, thupi layamba kale kuuma. Kenaka mutu umawawa, minofu imakokana, miyendo imalemera. Wina akayamba kuyankhula zosalongosoka kapena kudzandira ngati woledzera, nthawi yokambirana yatha; anzake amugoneke pamthunzi, amuthire madzi thupi lonse ndi kumukupiza, mmodzi n'kunyamuka kukaitana thandizo. N'chifukwa chake magulu odziwa amadzuka kusanache, amayenda mpaka dzuwa litayandikira paliwombo, amabisala pansi pa thanthwe kapena pa mtengo waminga mpaka litapendeka, n'kuyendanso pang'ono madzulo. Mbusa aliyense wa mbuzi kumeneko amachita chimodzimodzi popanda kuwerenga buku.

Masiku awiri oyamba ndiwo owawa. Chigwa chimakhala chopapatiza, ndipo njira, ngati n'koyenera kuitcha njira, imadutsa pa miyala yaikulu ngati nkhokwe, pa ina yobulungira ngati maungu imene imabzungunyula akakolo, ndi pamchenga wofewa umene umameza phazi lonse. Gulu limene lingayende makilomita 25 pamsewu limapezeka layenda 8 kapena 10 dzuwa n'kulowa. Matuza amayamba tsiku lachiwiri, makamaka kwa amene adagula nsapato zatsopano chifukwa cha ulendowu, kapena amene amachita ulesi kuvula powoloka n'kumayenda ndi masokosi onyowa odzaza mchenga. Apa ndi pamene gulu limadziwika mtima wake. Liwiro lake ndi la munthu wotsalira kumbuyo, ndipo wamphamvu amene wathamangira kutsogolo ndi chitofu kapena mankhwala a onse amakhala wasiya anzake m'manja mwa tsoka. Magulu abwino amagawana katundu wa wofooka tsiku lachiwiri lomwelo, mawu asanayambe kukwera.

Usiku ndiwo umalipira zowawa za masana. Ambiri satenga tenti, popeza m'miyezi imeneyi mvula siyembekezeka. Amayala pamchenga n'kugona chagada. Kulibe magetsi a mudzi uliwonse kwa makilomita ambirimbiri, ndipo mlalang'amba umaoneka ngati ufa wotayika panjira ya kuchigayo. Mu Juni ndi Julayi m'bandakucha mumazizira koopsa. Posankha pogona, odziwa amapewa kukamwa kwa makwawa ouma, amatalikirako kudziwe kuti nyama zipeze pomwera, ndipo m'mawa amakutumula nsapato asanavale, kuopa zinkhanira. Masana chikwama sichisiyidwa chokha, chifukwa anyani a m'chigwachi adazindikira kale kuti muli chakudya. Kukacha, pamchenga pamaoneka mapazi a chinkhoma, a ngoma, a mbidzi za m'mapiri, mwinanso a kambuku amene mwini wake saoneka.

Pali nkhani ina imene alendo sakonda kuikamba. Kumalo ouma chonchi zinthu siziwola msanga. Pepala lokwiriridwa mosasamala mu Meyi limapezedwa ndi gulu la mu Ogasiti, ndipo amene wadzithandiza pafupi ndi dziwe waipitsira madzi onse amene akubwera pambuyo pake, popeza mtsinje woti utsuke sudzayendanso mpaka chaka chamawa. Nkhuni nazo n'zoyenera kutolera zokhazo zimene madzi adakokolola. Mtengo wa m'chipululu umatenga zaka zambiri kuti ufike pa msinkhu wa munthu, koma umatha pa moto wa usiku umodzi.

Pa makilomita pafupifupi 15 kuchokera potsikira pali kasupe wa madzi otentha onunkha ngati mazira owola chifukwa cha sulufule, ndipo pambali pake pali mitengo ya kanjedza. Malowa amatchedwa Palm Springs kapena Sulphur Springs. Madzi ake amatuluka pansi akutentha madigiri oposa 50, ndipo oyenda amaviika misana yawo pamene madziwo akumana ndi ozizira a mumtsinje. Anthu amasimba kuti kanjedzayo adamera ku njere zimene adataya Ajeremani ena amene adabisala m'chigwachi pa nthawi ya nkhondo yaikulu ya dziko lonse. Nthanoyi imakondedwa pamoto wa alendo. Za abusa a Chinama amene ankamwetsa ziweto m'mtsinjewu zaka mazanamazana Ajeremaniwo asanabwere sizisimbidwa kwenikweni.

Manda a munthu mmodzi

Kupitirira kasupeyo chigwa chimatambasuka, mapazi amafulumira, ndipo pali njira zachidule zodula pa zitunda m'malo motsata mtsinje pamene wakhota. Njirazi zimapulumutsa makilomita angapo koma zimachotsa munthu kumadzi, choncho mabotolo amadzazidwa asanayambe kukwera. Atadutsa thanthwe la nsonga zinayi lotchedwa Four Finger Rock, oyenda amapeza manda amodzi okha, ounjikidwa miyala. Ndi manda a msilikali wa Chijeremani, Thilo von Trotha, amene adaphedwa mu Juni 1905.

Chaka chimenecho a Nama adali pankhondo ndi Ajeremani, amene adadzitengera dzikolo mu 1884. Aherero adadzuka mu Januwale 1904, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Hendrik Witbooi adatsogolera anthu ake kulowa m'nkhondoyo. Mizinga adalibe. Chida chawo chidali dziko lenilenilo: ankadziwa dziwe lililonse, kasupe aliyense ndi mpata uliwonse wa m'mapiri, pamene asilikali a atsamunda ankayenda ndi akavalo ndi ngolo zofuna madzi ochuluka tsiku ndi tsiku. Cornelius Fredericks, mtsogoleri wa a Nama a ku Bethanie, adasandutsa chigwa cha Fish linga lake. Von Trotha wamng'onoyo, yemwe adali mbale wa mkulu wa asilikali Lothar von Trotha, adapita kumsasa wa Fredericks kukakambirana za mtendere, ndipo adafera komweko pamene kuwomberana kudabuka zokambirana zili m'kati.

Witbooi adafa ndi bala la chipolopolo mu Okutobala 1905. Fredericks adagonja mu 1906 ndipo adamwalira mu 1907 ku Shark Island, kachilumba ka mphepo yozizira ku Lüderitz, kumene akaidi ambirimbiri a Chinama ndi a Chiherero adatha ndi njala, chisanu ndi ntchito yakalavulagaga. Boma la Germany lidavomereza mu 2021 kuti zimene zidachitikazo kudali kupha kofuna kupulula mitundu ya anthu. M'chigwa muja, komabe, manda amene mapu a oyenda amasonyeza ndi a Mjeremani mmodzi yekhayo.

Malamulo a atsamunda a m'zaka za 1905 mpaka 1907 adalanda malo a a Nama ndi Aherero, n'kuwaletsa kuweta ng'ombe popanda chilolezo. Malowo adagawidwa kukhala mafamu a azungu. Mu 1907 kudafika nkhosa za mtundu wa karakul, zimene ana ake amaphedwa atangobadwa chifukwa cha zikopa zawo zakuda zonyezimira, ndipo kwa zaka zambiri zikopazi zidalemeretsa mafamu a kummwera. Koma mipanda ya waya ndi zitsime zokumba ndi makina zidasintha kawetedwe. Mbusa wa Chinama ankasamuka kutsata mvula, n'kusiya malo kuti apume. Nkhosa za mumpanda zinkadya pamodzimodzi chaka ndi chaka mpaka kumizu. Chilala chitagwa ndi mitengo ya zikopa itatsika m'zaka za m'ma 1980, mafamu ambiri a m'mphepete mwa chigwa adatsala miyala yokhayokha.

Chapakati pa zaka za m'ma 1990 amalonda ena a ku Namibia adayamba kugula mafamu otopawo kum'mawa kwa chigwa. Adachotsa nkhosa ndi mipanda ya m'kati, adabweretsanso nyama zakutchire n'kumanga malo ogona alendo. Malowa tsopano amatchedwa Gondwana Canyon Park ndipo amaposa mahekitala 100,000. Msipu udabwerera, nyama zidaswana, ndipo anthu a m'derali adapeza ntchito zophika, zoyendetsa magalimoto ndi zoperekeza alendo. Palibe chifukwa chochepetsera zimenezi. Kuchipululu ntchito ya pamwezi si chinthu chosewera nacho. Koma wogwira ntchito za chitukuko ayenera kusiyanitsa malipiro ndi umwini. Chigwa chenichenicho n'cha boma, lomwe lidachiika pansi pa chitetezo m'zaka za m'ma 1960. Malo ambiri ozungulira ndi a makampani ndi eni mafamu. Woyenda m'njira ya makilomita 85 ija sakakamizidwa kutenga woperekeza wa m'deralo ngakhale mmodzi, ndipo ndalama zake zimapita ku chiphaso, kumsasa ndi kugalimoto yomubweza ku Hobas. Nzeru ya maiwe, imene idasunga Fredericks ndi anthu ake kwa miyezi yambiri, lero imagulidwa ngati mapu a pepala m'sitolo.

Amene ali kumtunda

Ndipo maiwe enieniwo sadaliranso mvula yokha. Kumpoto, pafupi ndi Mariental, kuli damu la Hardap, lomalizidwa mu 1963, limene limathirira minda ya tirigu, chimanga ndi msipu wa ziweto. Pa mtsinje wa Löwen, umene umathira mu Fish, pali damu la Naute, lothirira kanjedza ndi mphesa. Mu 2019 kudamalizidwa damu la Neckartal, chakumadzulo kwa Keetmanshoop, lalikulu kuposa onse m'Namibia, lotha kusunga madzi pafupifupi katatu kuyerekeza ndi a Hardap. Lidamangidwa kuti lithirire mahekitala 5,000. Lidadzaza mpaka kusefukira mu Januwale 2021, koma pofika 2023 minda yothirirayo idali isanayambe, madzi akungomwedwa ndi dzuwa.

Mlimi sangadane ndi damu, makamaka m'dziko limene lidalengeza kuti lili pangozi ya chilala mu 2013, 2016, 2019 ndi 2024. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope, ndipo wolira damu naye walira mlandu wa amene ali kumunsi. Damu lili ndi khalidwe limodzi kulikonse: chigumula chachikulu limachilola kudutsa, chaching'ono limachimeza. M'chaka cha mvula yambiri madzi amasefukira, chigwa n'kutsukidwa monga kale. M'chaka cha mvula yochepa, pamene maiwe akufunitsitsa kudzazidwa, madzi amene akadatsika amathera kuseri kwa khoma, ndipo amene atsike amadalira dzanja la wotsegula zipata. Dziwe losatsukidwa limachita mchere ndi ndere. Likaphwa nsomba zimafa, nyama zimasamuka, ndipo mbusa wa kumunsi amayenda mtunda wowirikiza. Aliyense amene adakhalapo m'komiti ya ulimi wothirira amaudziwa mkangano wa pakati pa munda woyamba pangalande ndi munda womaliza. Kusiyana kwake n'kwakuti apa ngalandeyo ndi ya makilomita mazanamazana, ndipo a munda womaliza sakhala nawo pamsonkhano.

Ntchito yokopa alendo nayo imakhudzidwa. Pakhala zaka zimene akuluakulu adachedwetsa kapena kuimitsa ulendo wa m'chigwa, mwina chifukwa madzi adachepa, mwina chifukwa adachuluka. Mlendo amangosintha tsiku. Woyendetsa galimoto yonyamula oyenda ndi waganyu wa pamsasa alibe tsiku lina loti asinthire.

Tsidya lina la Orange

Kummwera kwa Ai-Ais mtsinje wa Fish umathira mu Orange, ndipo tsidya lake, m'dziko la South Africa, kuli mapiri a Richtersveld, kumene a Nama ena akuwetabe mbuzi ndi nkhosa mosamukasamuka. Nkhani yawo idayenda mosiyana. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma la tsankho lidakonza zosandutsa dera lawo paki yosungira zachilengedwe ndi kuchotsamo abusa. Anthuwo adapita kukhoti mu 1989 n'kuimitsa ntchitoyo. Atakambirananso, pakiyo idakhazikitsidwa mu 1991 pa mfundo zina: malo akhalebe m'manja mwa anthu a m'midzi, bungwe la mapaki lizilipira lendi, abusa apitirize kudyetsa mbuzi ndi nkhosa zosapitirira 6,600 m'kati mwa paki, ndipo oimira midzi akhale m'komiti yoyendetsa.

Mu 2003 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa lidagamula kuti malo a dayamondi a chakunyanja, amene anthu a ku Richtersveld adalandidwa m'zaka za m'ma 1920, adali awo pamodzi ndi miyala ya pansi pake. Mu 2007 bungwe la UNESCO lidaika dera la mahekitala 160,000, loyendetsedwa ndi anthu eni ake, pa mndandanda wa malo amtengo wapatali a dziko lonse. Chimodzi mwa zifukwa zake chidali kuweta kosamukasamuka komwe kuja ena ankati n'kowononga, pamodzi ndi nyumba zozungulira zofolera ndi mikeka, zimene zimapasulidwa n'kunyamulidwa posamuka. Mikekayo ikanyowa imatupa n'kutseka mipata, ikauma imalola mphepo kudutsa.

Sikuti ku Richtersveld mavuto adatha. Umphawi ulipo, achinyamata amathawira kumigodi ndi kumatauni, ndipo chuma chimene adapambana kukhoti chidadzetsa mikangano yowawa pakati pa anthuwo ndi makomiti awo. Koma imeneyo ndi mikangano ya eni chinthu, ndipo mbusa wa kumeneko akakumana ndi mlendo pa kasupe, amene wabwera kudzacheza amadziwika.

Pa 1 Ogasiti 2003, a Sam Nujoma ndi a Thabo Mbeki, atsogoleri a maiko awiriwa pa nthawiyo, adasainirana pangano lophatikiza malo otetezedwa a mbali zonse ziwiri kukhala paki imodzi yodutsa malire, ya Ai-Ais ndi Richtersveld. Alendo amawoloka Orange pa pantoni ya ku Sendelingsdrif, galimoto ndi zonse. Pakiyo ndi imodzi ndipo anthu a matsidya onse awiri ndi a mtundu umodzi, koma mapangano awo ndi maboma ndi osiyana. Ku Namibia lamulo la 1996 limalola anthu okhala pa malo a onse kukhazikitsa mabungwe awo oyang'anira nyama zakutchire ndi kulandira ndalama za alendo, ndipo mabungwe otere aposa 80. Ambiri a iwo, ndi amene amapeza ndalama zooneka, ali kumpoto. Lamulolo limagwira pa malo a onse, pamene kummwera malo ochuluka adalowa kale m'mipanda ya mafamu zaka zoposa 100 zapitazo.

M'chigwa muja, kuchokera pa manda a von Trotha kutsala tsiku limodzi kapena limodzi ndi theka la mchenga ndi dzuwa, maiwe ali patalipatali, zikwama zitapepuka koma mapazi atatupa. Pamapeto pake pamatulukira kanjedza ndi madenga a Ai-Ais. Dzinali m'Chinama limanena za madzi otentha ngati moto, ndipo kasupe wake amatuluka pa madigiri pafupifupi 60. Msasawo, womangidwa pansi pa chigwa, waonongedwapo kangapo ndi chigumula cha mtsinje womwewo n'kukonzedwanso. Oyenda amavula nsapato, amataya zitini zimene asenza masiku asanu, amaviika mapazi, ndipo galimoto imawabweza ku Hobas.

Pakati pa Seputembala njira imatsekedwa. Chapanthawi yomweyo, tsidya la Orange, mvula ya m'nyengo yozizira imene imagwa ku Richtersveld imakhala yatha ndipo maluwa a m'mapiri ayamba kufota. Kutentha kukamakula, abusa amapasula misasa yawo n'kutsetsa mbuzi kumtsinje, kumene zimakadya masamba ndi nyemba za mitengo ya m'mphepete mpaka nyengo yotentha itadutsa.